Tsiku limene mlamu wanga anandisasulira denga

Chaka chimene nyanja inakwera, ku Senga Bay kunalibe mayi wamakani kuposa ine. Madzi anayamba ndi matandala oyanikapo usipa, kenako anagwetsa mpanda wa loji yoyandikana nafe, kenako anafika pamtengo wanga wa mango. Anzanga onse anasamukira kumtunda. Ine ayi. Nyumba ija tinamanga ndi malemu amuna anga, njerwa tinaumba ndi manja athu, ndiye ndiisiyire achule? Ndinkadzaza mchenga m'matumba a feteleza n'kusanja pakhomo mpaka msana kuwawa, m'mawa n'kupeza mafunde a mwera amwaza zonse.

Mlamu wanga, mchemwali wa malemuwo, ankabwera kudzandiseka. Mayi ameneyu ndimamusirira mpaka lero. Anagulitsapo nsomba, anakazingapo mandasi padepoti ku Salima, anakwatiwapo kawiri n'kubwerako yekha katundu ali pamutu, m'maso muli gwa. Ukamufunsa za mawa amangoti "Inshallah, Mulungu akalola," n'kupitiriza kutafuna chinangwa chake. Matandala ake sankakhomera misomali. Ankangomanga ndi linya, madzi akayandikira n'kumasula, kukaimika poteropo.

"Alamu, mwayamba ndewu ndi nyanja?" ankatero. "Mukaigonjetsa mundiuze, ndidzakuvinireni."

"Inu zanu n'zoyendayenda," ndinkamuyankha. "Kuwawa kwa nyumba simukudziwa."

Tsiku lina ndikuchokera kuchigayo ndinamva phokoso la hamala. Kuyang'ana, abambo awiri ali padenga langa, malata ena ali kale pansi. Mayo ine! Ufa ndinauponya pamchenga. Ndinalalata mudzi wonse kumva, ndipo mawu ena amene ndinatulutsa tsiku limenelo sindingawabwereze. Mlamu wanga anatuluka m'nyumbamo akukoka chitseko chimene anali atazula, madzi ali m'akakolo.

"Tukwanani, alamu, koma gwirani uku, chitsekochi n'cholemera," anatero. "Khomali lanyowa mpaka m'mawindo. Likagwa ndi denga lomwe mutsala ndi chiyani? Njerwazi ndi dothi, zikubwerera kwawo. Malata ndi zitseko ndiye zimatsata mwini wake."

Ndinagwira chitsekocho ndikulira, mamina ali chuchuchu. Tinakachitsamiritsa kuseri kwa nyumba yake, ndipo ine ndinagona komweko, osamulankhula.

Sipanapite nthawi, khoma lakumbuyo linagwa ine ndikuona. Linangokhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu wotopa. Ndinkayesa ndikomoka. Koma zimene ndinamva mumtima zinandichititsa manyazi: ndinapepukidwa. Kunalibenso thumba loti ndidzaze, kunalibenso choti ndilondere. Nditaima m'madzimo ndinavomera chinthu chimene ndinali ndisanauzepo munthu, kuti fungo la nsomba ine sindinalikondepo. Ndine mwana wa mlimi. Kunyanja ndinakhalira banja, ndipo maliro atatha ndinakhalira makoma.

M'mawa mwake mlamu anabwera ndi ngolo, anyamata ake atapakira kale malata, zitseko ndi mafelemu.

"Ndiye katunduyu apite kuti?" anandifunsa.

Chikwatiwireni, panalibe amene anandifunsapo kumene ndikufuna kukhala. Ndinayang'ana ng'ombe, ndinayang'ana mlamu, pakamwa panga n'kutuluka mawu ndisanawaganize bwino.

"Ku Chinguluwe. Kuli achimwene anga kumeneko. Ndikufuna ndikalime mpunga."

Nditangotero mantha anandigwira. Khasu ndinalisiya ndili mtsikana, ndipo msana uwu si wa dzana.

"Nanga ndikakalephera, alamu?"

Anaseka mpaka kugwira m'nthiti, duku lake kutsala pang'ono kugwa.

"Mukakalephera mwalephera, basi! Denga limasasukanso. Kwerani, ng'ombe zatopa n'kuima."

Ndinakwera, ndinakhala pamwamba pa malata anga, ndipo ndinauza woyendetsa ngolo kuti tiyeni.