Abambo anga papepala la amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinazindikira kuti nkhope ya abambo anga ikundithawa. Anali atamwalira kale, ndipo chithunzi chokhacho chomwe tinali nacho, cha tsiku la ukwati wawo, chiswe chinachidya m'sutikesi n'kungotisiyira mapazi. Ndikatsinzina ndinkaona chipewa chawo, ndinkaona kolala ya malaya, koma pakatipo panalibe kanthu. Zinkandiopsa kwambiri, ndipo amayi sindinawauze.

Kwathu ndi kufupi ndi Nsaru. Chaka chimenecho Juni anabwera ndi ukali. Chifunga chinkagona kudambo mpaka dzuwa litakwera, milomo yathu inang'ambika, miyendo mbuu ngati tagona paphulusa. M'chisanu chomwecho ndi mmene amalume a Sitefano, achimwene awo a amayi, anabwerera kumudzi. Kutauni ankajambula zithunzi ndi utoto wosungunula ndi madzi n'kumagulitsa kwa alendo m'mbali mwa msewu, koma anabwera ntchitoyo itawatuluka mumtima. "Ndatopa kujambula njovu," ankatero, "ine njovu sindinaionepo chibadwire." Kachitini ka utoto anakakankhira pansi pa bedi, iwo n'kuyamba kuthothola mtedza ngati wina aliyense.

Ine paubwana ndinali wamakani. Amayi ankati ndikagwira chinthu ndimakakamira ngati nkhupakupa. Tsiku lina m'mawa tikuothera dzuwa kuseri kwa nkhokwe, mulu wa mtedza uli pakati pathu, ndinangolankhula.

"Amalume, mundijambulire abambo."

"Ndinasiya zimenezo, Filo. Thothola mtedza."

"Njovu zosaziona munkajambula. Nanga abambo amene munkadya nawo mbale imodzi?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali moti ndinayamba kuyembekezera mbama. "Pakamwa pakopo padzakupweteketsa," anatero, n'kupitiriza ntchito. Koma mawa lake ndinawapeza pakhonde, kachitini kaja kali pamwendo. Utoto unali utauma gwaa, wong'alukang'aluka. Ndinati watha ntchito. Iwo anadonthezera madzi pa mtundu uliwonse, n'kudikira pang'ono, ndipo wofiira unayamba kunyezimira. "Utoto uwu sufa," anandiuza, "umangogona."

Apa ndi pamene ndinaona kuti ntchitoyi si ya anthu opupuluma ngati ine. M'nyengo yozizira pepala limachedwa kuuma. Amalume ankapaka kamodzi ndi burashi, n'kuliika padzuwa, n'kupisa zala m'khwapa kuti zifunde. Ukathamangira kupaka pepala lili lonyowa, mitundu imalowererana zonse n'kusanduka matope. Ine ndinkangozungulirazungulira.

Nkhope yoyamba inatuluka ngati ya akatekisiti a kutchalitchi kwathu. "Si amenewa," ndinatero. Yachiwiri inafanana ndi amalume eniakewo. "Si amenewa!" Mapepala anali ochepa, choncho ankawatsuka m'beseni n'kuwayanika pachingwe pamodzi ndi zovala, mawa lake n'kuyambiranso. Amayi ankangoona mapepala oyera ali lendelende, akusangalala kuti achimwene awo agwiranso burashi, osadziwa chimene tinkafuna.

Masiku anapita ndithu. Tsiku lina amalume anaika burashi pansi.

"Filo, ndisakunamize. Nanenso nkhope ya alamu yandithawa."

Mayo ine! Ndinalira, ndipo kunali kulira kwa mkwiyo. Ndinkaganiza kuti akuluakulu saiwala. Ngati nawonso aiwala, ndiye kuti abambo apitiratu basi. Amalume sananditonthoze. Anandisiya mpaka nditatopa, kenako anafunsa modekha, "Kodi abambo ako ankayenda bwanji? Tandionetsa."

Ndinadzuka monyinyirika, mamina ali chuchuchu. Koma thupi langa linkadziwa. Phewa lakumanzere linatsika lokha, mapazi anayang'ana kunja, dzanja limodzi linapita kumsana, ndipo ndinadutsa pabwalo ngati munthu amene sanachedwepo kulikonse. Amalume anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kenako kusekako kunaduka, iwo n'kutola burashi.

Chithunzicho chinatenga masiku angapo, ndipo sanandilole kusuzumira. Atandipatsa ndinaona munthu atatipatsa msana, akutsikira kudimba m'mawa, keni yothirira ili m'manja, atavala malaya a manja aafupi. Kutsogolo kwake kunali chifunga, ndipo chifungacho sichinali utoto ayi, linali pepala lomwelo limene analisiya osalikhudza.

"Nanga nkhope ili kuti?" ndinafunsa, mtima utawawa.

"Ali paulendo, sangacheuke. Pita ukaonetse amayi ako, koma usawauze kanthu."

Amayi anali kuseri kwa nyumba akupeta mtedza. Anaika lichero pansi, n'kupukuta manja pachitenje, n'kugwira pepalalo m'mphepete ndi nsonga za zala. Anangoliyang'anitsitsa. Nkhuku zinalowa m'lichero, iwo osaziona. Amalume anali atanditsatira, ataima pakona pa nyumba.

"Achimwene," amayi anatero, osachotsa maso papepala, "mwawatulutsa bwanji abambo ake a Filo opanda juzi, kuzizira konseku? Inu chifuwa chawo simukuchidziwa?"

Sankaseka ayi, ankakalipa zenizeni. Kenako anadzimva okha zimene anena, n'kugwira pakamwa, misozi ikutsika. Ine ndinayang'ananso chithunzicho, ndipo anali abambo anga, osakayikitsa ngakhale pang'ono.

"Pepani achemwali," anatero amalume. "Ndiwaveka. Ya mtundu wanji?"

"Yobiriwira ija, yong'ambika pachigongono."

Anawaveka tsiku lomwelo, dzuwa lisanapendeke, amayi ataima pambali akuyang'anira kuti manja a juziyo afike mpaka m'munsi. Kuchokera m'chisanu chimenecho amalume sanasiyenso burashi. Ankajambula anthu a m'mudzi mwathu, amayi osenza mitolo ya udzu, abambo okankha njinga zolemedwa ndi mabelo a fodya, ambiri mwa iwo atatipatsa msana, ndipo aliyense tinkamutchula dzina.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo nkhope ya abambo sinabwererebe. Ndinasiya kuithamangitsa. Paubwana ndinkaganiza kuti kukumbukira munthu ndi kusunga maso ake ndi mphuno yake m'mutu. Tsopano ndikudziwa kuti nkhope imatha kuchoka munthuyo n'kutsala. Abambo anali asanachoke pakhomo pathu, pakuti panali mkazi amene ankaopabe kuti azizidwa.