Kadeneta inkati mwana wamkazi, kumbuyo ndinabereka mwamuna

Ena ndikawauza nkhaniyi amati ndimathirako mchere, koma pa msinkhu ndafikapowu ndinganamirenji? Izi zinandichitikira ine ndemwe, kwathu konkuno ku Angoniya, nkhondo itayamba kale kumveka cha ku Tete, Apwitikizi asanapite. Mayina sinditchula, chifukwa ana a anthuwo alipo ndipo timakumana pamsika ku Ulongwe.

Amuna anga anatengedwa kupita ku usilikali ine ndili ndi pakati poyamba. Masiku amenewo akazi a asilikali amene anali ndi makanda ankalandira thandizo la boma mwezi ndi mwezi, mkaka wa ufa, shuga pang'ono ndi sopo. Nditangochira, mlembi amene ankayendera midzi anafika, nafunsa ali panja kuti ndi mwana wanji, azimayi anamuuza kuti wamkazi, iye n'kulemba kadeneta, kabuku kolandirira zinthuzo, n'kundisiyira. Patangotha sabata mwana wanga uja anamwalira, tisanatuluke n'komwe m'chikuta.

Inu achinyamata mwina simudziwa. Kwathu khanda likapita lisanatulutsidwe, amati ndi nthayo, ndipo sipakhala maliro. Azimayi okhaokha analitenga n'kukaliika kudambo mwakachetechete, nandilangiza kuti ndisalire, ndisatchule, ndisauze munthu, chifukwa ndikatero ndidzatseka mimba yanga ndipo sindidzaonanso mwana. Ndinali mtsikana, ndinamvera. Misozi ndinkaimezera m'mimba ngati mankhwala owawa.

Mwezi womwewo, kutsidya kwa mtsinje, mayi wina anamwalira atangobereka, n'kusiya kamnyamata. Bambo wake anali wa ku Dedza, wopanda pepala lililonse la kuno, ndipo atamva kuti asipayi, apolisi achikuda a Apwitikizi, akufunsa za alendo anawoloka malire osabwereranso. Kamwanako anabwera nako kwa ine poti ndinali ndi mkaka. Koma mkaka wake uti? Ndi chisoni chosalira chija mawere anayamba kuuma, mwana ankangolira, khosi ngati la mwanapiye. Tsiku lina ndikusesa ndinaona kadeneta ija nditaitsomeka kudenga, ndipo ndinadzifunsa kuti kodi mkaka umasankha mwana? Ndinam'bereka, ulendo wa ku Ulongwe, kumene nthawiyo azungu ankati Vila Coutinho.

Zinayenda bwino miyezi isanu ndi umodzi. Mukudziwa kuzizira kwa kuno, ana tinkawaika pasikelo ali chifundire, namwino n'kulemba kulemera kwake m'buku, ife n'kulandira zathu. Namwinoyo anali mayi wa kumunsi kunyanja yamchere, wolankhula Chinyanja chothyokathyoka, wosaseka ndi munthu. Tsono mwezi wachisanu ndi chiwiri kunabuka mphere, iye n'kulamula kuti mwana aliyense avulidwe. Ndinayesa kunena kuti wanga ali ndi chimfine, koma anangondilanda n'kumufunyulula yekha. Kamnyamata kaja, ngati kachita kutumidwa, kanaponya mkodzo m'mwamba mpaka pa yunifomu yake yoyera. Azimayi pamzere anafa nacho chiseko. Namwino sanaseke. Anayang'ana mwana, nayang'ana kadeneta, nandiyang'ana ine.

Pakhomo panali sipayi wina wamtali, wa kwathu konkuno, amene aliyense ankamuopa chifukwa ndiye ankagwira mbalamatodya, thabwa lija lomenyera m'manja. Anamva phokoso, nabwera, ndipo posakhalitsa ndinali m'njira yopita ku ofesi ya shefi, mkulu wa boma wa kumeneko, mwana kumbuyo, anthu akuima m'mbali mwa msewu kundiyang'ana.

Shefiyo anali mzungu wamng'ono thupi, ndipo sanakalipe ayi, chimenecho n'chimene chinandiopsa kwambiri. Ankalankhula Chipwitikizi pang'onopang'ono, sipayi uja n'kumamasulira. Anati ndakhala ndikuba katundu wa boma ndi dzina la mwana amene palibe. Anati mkaka wotere anthu ena akuupereka kwa anyamata a m'tchire omenyana ndi Apwitikizi, ndipo ngati ndi kumene ukupita, mlandu wanga si wa pano, ndi wa ku Tete. Ife tonse tinkadziwa kuti wopita ku Tete pa mlandu umenewo sabwerako. Anati mwana amene ndabereka kumbuyoyu poti si wanga amulanda. Kenaka anafunsa funso limene ndinkaliopa, lakuti mwana wamkazi wolembedwa m'kadenetamu ali kuti.

Anafunsa kachiwiri, kachitatu, mpaka ananena kuti mwina ndinamupha ndine. Taganizani, anthu anzanga, kukamwa kwanga kunali yankho loti likanandithandiza, koma m'makutu munkamveka mawu a azimayi aja akuti ukatchula watseka mimba. Ndisankhe chiyani, ndende kapena uchumba? Mwana kumbuyoku anali atagwira khutu langa n'kumaseweretsa, osadziwa kuti akukambidwa ndi iye.

Apo sipayi uja anasiya kumasulira. Anatsitsa mawu n'kundifunsa m'chinenero chathu, mwaulemu ngati akulankhula ndi mlongo wake, kuti mayi, kodi mwanayo anapita kudambo? Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anati akudziwa chimene chanditseka pakamwa, chifukwa kunyumba kwake zinachitikapo kawiri, ndipo akazi ake mpaka tsikulo anali asanatchulepo. Anati koma mzunguyu za kudambo sazidziwa, amadziwa za papepala, ndiye ngati ndikufuna kubwerera kumudzi ndi kamnyamataka ndinene ndi pakamwa panga, iye sangandinenere.

Ndinanena. Ndinati mwana wanga anamwalira ali ndi sabata imodzi. Mawuwo atangotuluka, kulira kumene ndinakusunga miyezi yonse ija kunatuluka nawo, ndinalira chokweza muofesi ya boma, pamaso pa amuna, chinthu chimene mkazi wa kwathu sankachita. Sipayi analankhula ndi shefi nthawi yaitali, manja akuloza uku ndi uku, ndipo ngakhale sindinkamva ndinadziwa kuti akufotokoza mwambo wathu.

Shefi anati zonsezo wamva, koma nanga umboni woti mkaka sunapite kutchire uli kuti? Ndipo amene anayankha ndi munthu amene sindinamuyembekeze. Namwino uja anali atatitsatira, ataima pakhomo ndi buku lake la sikelo kukhwapa, yunifomu ikadali yonyowa. Analitsegula patebulo n'kumaloza mwezi ndi mwezi mmene mwana ankakwerera kulemera. Kenaka anandimasula mwana kumbuyo, namunyamula m'mwamba kuti shefi aone matako ndi masaya, nanena m'Chinyanja chake chothyoka chija kuti nanenso ndimve, kuti mkaka wonse wa boma uli apa, amene akuufuna autenge. Sipayi anatembenukira kukhoma kubisa kumwetulira.

Shefi anang'amba kadeneta ija pamaso panga. Anagamula kuti ndizibwera kudzalambula bwalo la ofesi kwa mwezi wathunthu, ndipo ndikadzabwerezanso sadzandimvera chisoni. Za kulanda mwana sanazitchulenso. Ndinalambula bwalolo ndi mtima woyera, mwana ali kumbuyo, ndipo mwezi usanathe namwino anali atamulembetsa m'buku la ana amasiye, m'dzina lakelake, mkaka n'kumalandira poyera. Ndinapita ndi nkhuku kukathokoza, iye anakana, nati ndikagule sopo ndichape mwana. Sipayi uja sindinapeze mpata womuthokoza. Ufulu utabwera anathawa, poti anali ndi adani ambiri, ndipo sindikutsutsa kuti ena anawalakwira kwambiri. Koma ine ndikamapemphera ndimamutchula, ndipo sindichita nazo manyazi.

Amuna anga sanabwereko kunkhondo. Ndinakwatiwanso, koma sindinaberekenso, ndipo azimayi a m'mudzi ankanong'onezana kuti si uja analira nthayo. Kaya n'zoona kaya ayi, ine sindidziwa, ndipo ndinasiya kudzifunsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndikanakhala chete tsiku lija, ndikanataya mwana amene ndinali naye kale kumbuyo chifukwa cha ana amene ndinali ndisanawaone. Kamnyamata kokodzera namwino kaja lero ndi bambo wa imvi, amalima mbatata ya kachewere, ndiye anandimangira nyumba ya malata imene ndikukhalamoyi, ndipo ana ake amanditcha agogo osadziwa kuti pali china choti afunse.

Tsono ndikuchenjezeni. Musalandire kanthu ka boma pa dzina la munthu wina, ngakhale mtima wanu uli woyera chotani, chifukwa tsiku lovula mwana limafika, ndipo si onse adzapeze sipayi ndi namwino ngati anga. Pitani mukanene vuto lanu mmene lilili. Ndipo inu azimayi anzanga, mtsikana akataya khanda musamutseke pakamwa. Ine mwana wanga wamkazi ndinakamulirira muofesi ya mzungu, pomwe ndikanayenera kumulirira pakhomo pa amayi anga.