Nsimbi Yotoledwa Padzala

Taganizirani m'mawa wamba ku Silverest. Maminibasi anyamula kale ogwira ntchito ku Lusaka, mageti atsekedwa, ndipo fumbi la magalimoto likutera pang'onopang'ono pamasamba a mango. Mumsewu mwatsala agalu, ana ochedwa kusukulu, ndi mayi mmodzi wokankha njinga yomangidwa thumba kumbuyo. Akafika padzala la kuseri kwa mpanda amaima, n'kuyang'ana uku ndi uku, kenako n'kuwerama.

Ameneyo ndi Nelesi, amake Jabez. Anachokera ku Katete ndi mwamuna wake Tenson, amene ankakonza mawailesi ndi masitovu pansi pa mtengo ku Chongwe. Nelesi ankamugwirira waya, maso akuphunzira. Tenson atamwalira anamusiyira ana awiri, chikwama cha zipangizo, ndi kanyumba ka lendi kuseri kwa nyumba ya ba Zebron.

Kuno magetsi akamapita n'kubwera amapsereza zinthu. Anthu apantchito alibe nthawi: ketulo ikafa amataya, Loweruka agula ina m'tauni. Nelesi ankatola zotayidwazo, kuzikonza, n'kukagulitsa ku Palabana kumene eni ake sakanaziona. Kupempha sankapempha, poti ankachita manyazi.

Koma chinthu cha m'nyumba ya munthu sichitoledwa wamba. Ketulo yaphitsa madzi a banja lonse. Nsimbi yayenda pamalaya onse a bambo. Wotola zoterezi mwakachetechete akufuna nazo chiyani? Funsolo linayamba ndi atsikana antchito, linafika kwa mabwana awo, ndipo posakhalitsa ngakhale ana amene ndimaphunzitsa m'kalasi mwanga ankanong'onezana za "amai a pamadzala". Jabez anasiya kukweza mkono m'kalasi.

Kenako ba Fidelis, a nyumba ya geti yobiriwira, anatuluka zidzolo msana wonse, ndendende mogona malaya. Akazi awo, ba Judith, anakumbukira kuti anataya nsimbi, ndipo wantchito wawo anakumbukira amene anaitola.

Ba Zebron sanachedwe. "Amake Jabez, sinifuna nyumba yanga iziwike na vinthu va so. Nkhani iyi ikapanda kusila, mwezi ukatha mupeze kwina."

Kwina kunalibe. Mbiri yotere imafika kwa eni nyumba munthu asanafike.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, ba Judith anabwera ndi amai Clotilda, mtsogoleri wa amayi a mphakati. Anakana mpando. M'kanyumbamo munali maketulo atandandalikidwa m'mbali mwa khoma, ndipo iliyonse inamangidwa kansanza kachitenje pachogwirira. Amai Clotilda anadzilemba chizindikiro cha mtanda.

"Tunsanza utu n'twa chani?"

"Nimamanga kuti niziwe msewu wamene ninatolako, amai."

"Mwamvera?" anatero ba Judith. "Aziwa na nyumba zathu! Nipaseni nsimbi yanga, nikaishoke pamoto."

Nelesi anailoza pansi pa tebulo. "Ni iyo. Koma mukaishoka, muzaziwa bwanji vamene vinali mukati? Muzankhala chabe mukuniganizira. Lekani niitsegule muone."

"Osaigwira! Manja yanu ni yamene nikuopa."

Apa mpamene moyo wa Nelesi unakhotera. Anakankha chikwama cha Tenson ndi phazi mpaka chinafika pamapazi a ba Judith, iye n'kupinda manja kumbuyo.

"Tsegulani mweka. Ine nizakamba chabe."

Ba Judith, amene kuofesi amalamula anthu, anagwada ndi chitenje chawo cha kutchalitchi. Anagwira sikuludalaiva ngati mpeni wodulira anyezi.

"Osati so, ba mayo, simupha nkhuku. Zungulusani kumanzere."

Amai Clotilda anabisa kuseka m'dzanja, koma anasendera kumbuyo pamene chivundikiro chinayamba kugwedera. Chitachoka, onse awiri anasuzumira ali chapatali. Munalibe tsitsi, munalibe mkanda kapena muzu. Munali fumbi, mphemvu youma, ndi kawaya kakuda kothothoka pamalo pake, chifukwa Nelesi anali asanaikonze.

"Mphemvu iyo ni yanu, munabwera nayo," anatero Nelesi. "Manje dulani poshokapo. Sendani pang'ono. Pang'ono chabe, si chinangwa."

Ba Judith anadula, anasenda, anamanga kawayako ndi kasikulu, thukuta lili pamphuno. Atatseka anakalumikiza okha kumagetsi. Kanyali kofiira kanayaka. Ananyowetsa chala n'kukhudza pansi pa nsimbi, ndipo inati tsii.

"Yaba! Ninagula nsimbi inango pa kawaya aka?"

Musaganize kuti kukayikira kunathera pomwepo. Ba Judith ananyamula nsimbi yawo osatsanzika bwino. Zidzolo za ba Fidelis zitapola ndi mankhwala a kuchipatala, ena anati zapola chifukwa nsimbi yabwerera kwawo. Ba Zebron anangoti aonabe. Koma amai Clotilda anali ataona ndi maso awo, ndipo mlungu womwewo anaitanitsa Nelesi kuti akaone sitovu yawo ya mbale ziwiri. Lamulo lawo linali lomwe lija: manja kumbuyo.

Kuyambira pamenepo Nelesi anasiya madzala. Amamuitana pakhomo Loweruka, amamuikira mpando pakhonde, osati m'nyumba, ndipo mwini chinthu ndiye amagwira zipangizo. Mawu ake oyamba sasintha: "Mwachosa pulagi ku malaiti? Nionetseni." Akatero amalangiza modekha, monga tichitira ndi mwana wophunzira kugwira pensulo. Chikakhala chomukanika amanena, ndipo sachokapo ndi kanthu, ngakhale fyuzi yopsa. Alipo mpaka lero amene amatsuka mpandowo iye akapita. Iye amadziwa, ndipo Loweruka lotsatira amabwerabe.

Ba Zebron sanatchulenso za mwezi. Nelesi akukhalabe m'kanyumba komweko, ndipo mumsewu wa ba Judith amayi ambiri tsopano amakonza okha mapulagi, maketulo ndi nsimbi zawo.