Masamba Awisi Pamsewu wa ku Sinda

Mlongo wanga anafera pansi pa lole, sipanala ili m'manja. Inali nyengo yogula thonje, ndipo iye ankayendetsa lole ya kampani ina yotolera thonje m'midzi. Tsiku limenelo loleyo inamufera pamsewu waukulu, atangopitirira Sinda kubwera kuno ku Katete, pamalo pamene msewu umakhota nkuyamba kutsetsereka. Analowa kunsi kuti aone chavuta. Kutchire anali atatentha, utsi ukudutsa pamsewu, ndipo basi yochokera ku Lusaka inangotulukira mu utsimo nkugunda loleyo kumbuyo. Anthu angapo a m'basi anafa. Dalaivala wawo anapulumuka, koma atathyoka miyendo. Zonsezi zinachitika dzuwa lili pamutu.

Uthenga unandipeza m'shopu ya bambo wina wachisilamu kumene ndimagulitsa nsalu. Ndinali nditagwira sizasi. Ndinamaliza kudula nsaluyo, ndinaipinda bwinobwino nkupereka kwa mwini wake, kenako ndinapempha kuti ndiweruke. Mpaka lero pali abale amene amandinena kuti ndili ndi mtima wamwala chifukwa sindinalire. Sindikangana nawo. Inenso ndinkadikira kuti misozi ibwere, koma sinabwere.

Tinamuika kumudzi kwathu, kufupi ndi Mkaika. Maliro asanazizire nkomwe, mawu anayamba kuyenda akuti lole inangoima pamsewu popanda chenjezo lililonse, ndiye kuti anthu a m'basi aja anawapha ndi mwana wa m'nyumba mwathu. Palibe amene anatiuza pamaso. Amayi anazimvera pamjigo, akudikira kuti ndowa idzaze. Atafika kunyumba anatula madziwo nkundiitana kuseri kwa nkhokwe.

“Iwe, kodi mlongo wako anaika masamba?”

Kwathu kuno galimoto ikafera pamsewu, dalaivala amathyola nthambi nkuziyala pamsewupo kuyambira patali, kuti wobwera m'mbuyo achepetse liwiro. Pakagwa maliro pafupi ndi msewu timachitanso chimodzimodzi. Masamba ake ndi omwewo, ndipo umadziwa ukafika kuti ndi lole yafa kapena ndi munthu. Lamulo limafuna timatrayango tofiira tochenjezera tija, koma amayi za timatrayango sankazidziwa ndipo sankazifuna. Ankangofuna kudziwa ngati mwana wawo anaganizira anzake obwera m'mbuyo. Ndinawauza kuti kuseri kwa mpando wake sikunkasowa chikwanje, chodulira nthambi zomwezo. Anandiyankha kuti za chikwanje akuzidziwa, iwo akufunsa za tsikulo. 

Poti anafa anthu angapo nthawi imodzi, boma linakhazikitsa komiti yofufuza, ndipo inkakumana m'holo ina pa boma pompano. Ndinkapita nthawi iliyonse imene abwana andilola. Kutsogolo kunkakhala a boma okhaokha: tcheyamani, akuluakulu a zamisewu, apolisi ndi dokotala. Chakumbali kunali tebulo lina lalitali la anthu akunja kwa boma amene anaitanidwa. Panali a inshuwalansi ya basi, a kampani ya thonje, injiniya wotumidwa ndi kampani yogulitsa mabasi amtundu umenewo, a bungwe lophunzitsa anthu kupewa ngozi, ndi bambo mmodzi wa bungwe la madalaivala, limene mlongo wanga anali membala wake. Tcheyamani anafotokoza kuti anthuwa aitanidwa chifukwa ali ndi luso ndi zinthu zimene boma lilibe. Anali ndi ufulu woona magalimoto ophwanyikawo, wobweretsa zimene akudziwa, ndi wofunsa mafunso kudzera mwa iye, koma kugamula sikunali kwawo. Anatinso komitiyo sikufuna munthu woti imuloze chala, ikungofuna chimene chinachititsa ngozi.

Ndinayang'ana tebulo lakumbalilo. Aliyense pamenepo anabwera ndi dzina loti aliteteze, ndipo dzina limene linalibe mwini woti ayankhule linali limodzi lokha. Ife achibale, a mlongo wanga ndi a anthu a m'basi omwe, tinkakhala pamabenchi kumbuyo, sitinkayang'anana. Tinalibe bungwe, ndiye tinalibenso pakamwa.

Pa nthawi yopuma ndinatsatira bambo wa madalaivala uja panja. Anali munthu wonenepa, wa jekete yomuthina, ndipo thukuta silinkamuchoka pamphumi. Anali wabwino mtima, zimenezo sindingamunamizire. Nditadzidziwikitsa anandigwira dzanja nthawi yaitali, kenako anati, “Asisi, musaike mtima maningi pa ise. Ise pano ndise oonerera chabe. Tingafunse, koma kulamula sitilamula.” Mawu akuti oonerera ine ndinkawadziwira kugule ndi kumpira. Sindinkadziwa kuti imfa ya munthu imakhalanso ndi oonerera okhala pamipando, botolo la madzi lili patsogolo.

Masiku anapita akuyankhula mmodzimmodzi. Injiniya anati wamasula mabuleki a basi ndipo analibe vuto. A kampani ya thonje anati lole yawo iliyonse imanyamuka ndi timatrayango, ndipo ngati sitinapezeke, iwo sangadziwe kumene tinapita. A bungwe la kupewa ngozi anayankhula nthawi yaitali za kutentha tchire m'mbali mwa msewu. Dalaivala wa basi anafunsidwa ali kuchipatala, ndipo anati anaona utsi wokhawokha. Azibambo a mudzi wa pafupi ndi pangozipo, amene anatulutsa anthu m'basi, anati iwo ankayang'ana anthu, sankayang'ana pansi. Ine ndinkamva zonsezi ngati nkhani ya pawailesi ya nyumba yoyandikana.

Kenako mnyamata wa inshuwalansi, waulemu kwambiri, nsapato zonyezimira, anapempha tcheyamani kuti aonetse zithunzi zimene apolisi anajambula atangofika. Anazionetsa pakhoma. Pamsewu panali masamba, ndipo ndinaganiza kuti ndi a mlongo wanga. Koma mnyamatayo anapempha kuti tiyang'anitsitse. Masambawo anali awisi, obiriwira, athunthu, oyalidwa mwadongosolo mbali zonse ziwiri. Anati akanakhala kuti anaikidwa ngozi isanachitike, basi ikanawapondaponda nkuwamwaza. Choncho amenewa anaikidwa pambuyo pake. A kutsogolo anagwedeza mitu kuvomereza. Inenso ndinapezeka ndikugwedeza mutu, chifukwa zinali zoona, aliyense ankaona.

Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi ya ku Sinda nkupempha kutsika pakhona paja. Sindinakonzekere, ndipo sindikudziwa chimene ndinkafuna. Panali magalasi osweka m'mbali mwa phula, thonje litakodwa m'minga, udzu wonse utapsa. Chapatali pang'ono mayi wina ankagulitsa mbatata pansi pa mtengo wa mango. Anandiyang'ana nditaima nthawi yaitali, kenako anandiitana kuti ndikhale pamthunzi. Nditamuuza kuti wa lole uja anali mlongo wanga, anagwira pakamwa nkundipepesa. Anati anamuona ndi maso ake. Mlongo wangayo anabwera kudzapempha madzi akumwa, chikwanje chili m'manja, kenako anapita kukadula nthambi za msekese nkuziyala kuyambira kuseri kwa khona mpaka pa lole.

Ndinamufunsa kuti nanga masambawo anapita kuti.

“Aa, amenewo anali atanyansa, amayi. Basi inawapera, ena ali ndi dizilo, ena magazi. Ndiye tinati anthu afera pano, sitingasiye zinyalala ngati pafera galu. Tinachotsa onse, tinataya m'ngalandemo, tinathyola abwino a mangowa. Apolisi pofika anapeza titayala kale.”

Ankanena mondilimbitsa mtima, kuti ndidziwe kuti mlongo wanga sanagone pamsewu ngati wopanda anthu. Ndinapita kukasuzumira m'ngalandemo. Moto wa tchire unali utadutsamo, munali phulusa lokhalokha. Ndinabwerera nkuthokoza mayiyo. Za zithunzi zija sindinamuuze. Anandipatsa mbatata, ndinalandira.

Bambo wa madalaivala nditamuuza zimenezi anadumpha ngati wapola matenda, koma posakhalitsa anakhalanso pansi. Anati ine sindingaimirire m'holomo nkunena, ziyenera kudzera mwa iye, ndipo iye adzera mwa tcheyamani. Anachitadi zimenezo. Wa inshuwalansi uja anafunsa mwaulemu womwe uja kuti masamba akalewo ali kuti, ndipo anauzidwa kuti anapsa. Anafunsanso kuti mboniyo waipeza ndani, ndipo anauzidwa kuti ndi mlongo wa malemu. Anangolemba. Komabe tcheyamani analamula kuti ofisala mmodzi apite akamufunse mayiyo, ndipo a mabungwe amene akufuna atha kutsagana naye.

Ine sindinaloledwe kupita nawo. Zimene zinachitika anandiuza ndi bambo wa madalaivala yemweyo. Anafika ndi magalimoto angapo, ina ya apolisi. Mayi uja ataona anthu a majekete akutsika nkumuzungulira, anachita mantha poganiza kuti abwera kudzamumanga chifukwa chogwira zinthu za pangozi. Ofisala anamuonetsa chithunzi nkumufunsa ngati masambawo anaika ndi iye. Anavomera. Anamufunsa ngati anawaika ngozi itachitika kale. Anavomeranso. Atamufunsa ngati ali ndi china choonjezera, anayang'ana mwamuna wake amene anaima pambali, nkunena kuti alibe. Sananame ngakhale liwu limodzi.

Apa mpamene ndinakwiya, kamodzi kokha pa nkhani yonseyi. Ndinamufunsa bamboyo kuti nanga inu munali pomwepo, pakamwa munasiya kuti, osamufunsa za masamba a msekese bwanji. Anapukuta thukuta nkundiuza kuti mafunso awo amadzera mwa tcheyamani, ndipo pamsewupo panalibe tcheyamani. Ndinamuyang'ana mpaka anazolika. Mkwiyowo sunakhalitse, unangozima wokha ndisanafike nkomwe pa shopu.

Lipoti lisanatuluke, a mabungwe aja anapatsidwa kuti aliwerenge nkunena pamene sakugwirizana napo. Bambo wa madalaivala anati analemba zake, ndipo ndikukhulupirira kuti analembadi. Mvula itayamba, lipotilo linawerengedwa m'holo momwe muja. Linanena za utsi, za liwiro la basi pamtsetse, ndi zoti makampani azionetsetsa kuti lole zawo zili ndi timatrayango. Mabuleki analibe mlandu. A bungwe la kupewa ngozi analonjeza kuyendera midzi ya m'mbali mwa msewu. Za mlongo wanga panali mzere umodzi, wakuti komiti sinapeze umboni woti woyendetsa lole anachenjeza magalimoto obwera m'mbuyo. Silinanene kuti sanachenjeze. Bambo uja anandiuza kuti kusiyana kwakeko nkwakukulu ndipo anakumenyera nkhondo. Mwina nkwakukuludi kwa anthu owerenga malipoti, koma pamjigo kwathu palibe amene angakumve. A matebulo onse awiri anagwirana chanza panja, magalimoto awo nkulowera ku Lusaka.

Nthawi yonseyi amayi ndinali ndisanawauze za mayi wa mbatata. Ndinkafuna ndiwabweretsere nkhaniyo itadindidwa ndi boma, kuti akaitule pamjigo paja mutu uli m'mwamba. Tsopano ndinapita kumudzi ndi mawu a pakamwa okha. Ndinawapeza akuswa mtedza wa mbewu pakhonde. Ndinakhala pansi nkuwafotokozera zonse mwandondomeko, za madzi akumwa, za msekese, za masamba a mango, za zithunzi, za mzere umodzi uja. Sanasiye kuswa mtedzawo.

“Ndiye anaika,” anatero.

“Anaika, amayi.”

“Akuluakuluwo alemba kuti anaika?”

“Sanalembe.”

Anapitiriza kuswa mtedza. Ine ndinkadikira kuti amutukwane mayi uja, chifukwa mumtima mwanga ndinali nditamuimba kale mlandu woti ndi ulemu wakewo anachotsa chinthu chokhacho chimene chikanayeretsa dzina la mlongo wanga. Koma amayi anangofunsa ngati masamba a mangowo anali ambiri, ndiponso ngati anayala mbali zonse. Ndinati ndinawaona pachithunzi, anali ambiri ndipo anayala bwino. Anadzuka nkulowa m'nyumba, anatuluka ndi kansalu, nkuthiramo mtedza womwe uja anasungira kubzala, namanga mfundo.

“Ukapereke kwa mayiyo. Ukati amake a mwana uja athokoza. Ine kunalibe, iye ndiye anamuyalira masamba.”

Ndinanyamula. M'mawa mwake ndinatsikanso pakhona paja. Udzu unali utaphuka, ndipo magalasi aja sankaonekanso. Mayi uja atandizindikira anaimirira mwamantha, akuyang'ana ngati kumbuyo kwanga kukubwera magalimoto. Ndinamuuza uthenga wa amayi monga anandiuzira, osachotsa kapena kuonjezera. Anagwada nkulandira ndi manja awiri, ndipo analira. Ine ndinangoima, ndikuyang'ana nthambi za mango zimene zinkaphukira pamene anathyola paja.

Atapukuta misozi anandifunsa ngati nkhani ija ya a boma inatha bwino, ngati iye sanalakwitse poyankha.

Ndinamuuza kuti inatha. Kenako ndinaoloka msewu kukadikira minibasi ya ku Katete.