Misozi ya Mfumukazi pa Tebulo la Eduvigis

Eduvigis Carrasco anaphunzira kuwerenga kwa bambo ake, amene ankaimba belu la tchalitchi m'mudzi wina wa ku La Mancha. Mwamuna wake atamwalira mu 1871, iye anapitiriza ntchito ya malemuyo yogawa madzi a pachitsime ku minda ya mabanja khumi ndi awiri. Palibe anamusankha. Minda sikanadikira.

Mu Okutobala, kuzizira kukayamba, maluwa a safironi, chomera chokometsera zakudya, ankaphuka m'bandakucha. Masana amayi ankazungulira tebulo lake n'kumazula timaulusi tofiira ta m'maluwamo, iye akuwawerengera nthano imene inkabwera kuchokera ku Madrid, masamba asanu ndi atatu sabata iliyonse. Inali ya mfumukazi ya dziko lopeka. Amuna ankaima pakhomo, ati akudikira akazi awo.

Loweruka lina, Eduvigis akuwerenga, maso ake anatsogola pakamwa. Anaona kuti mfumukaziyo ikulira pamaso pa asilikali, kenako ikupereka makiyi a mzinda. Mawa lake mabanja ankakasankha wogawa madzi, ndipo mlamu wake Saturnino, amene ankaufuna udindowo, anali pakhomopo. Akanadumpha tsambalo, palibe akanadziwa. Anakhosomola, n'kuwerenga zonse.

"Mwamvatu, mlamu," anatero Saturnino. "Mkazi akagwira makiyi, amawanyowetsa ndi misozi."

"Inu munalirira bulu wanu masiku atatu," anatero Casilda, mayi woyandikana naye nyumba, osadzutsa mutu. "Tinkayesa kwagwa maliro a munthu."

Anthu ataleka kuseka, Eduvigis anapinda masamba aja.

"Wolembayu sanaonepo mkazi akulira uku akugwira ntchito," anatero. "Ine ndalira chaka chathunthu, mlamu, m'mawa uliwonse popita kuchitsime. Munda wanu unauma?"

Saturnino anangokanda chibwano.

Lamulungu, atatuluka m'tchalitchi, amuna a mabanjawo anaponya nyemba m'chipewa, yoyera ya Eduvigis, yakuda ya Saturnino. Zoyera zinali zisanu ndi ziwiri. Koma lamulo silinkalola mkazi kutchedwa wogawa madzi, choncho analengeza dzina la mchimwene wa Eduvigis, munthu wodwala miyendo amene sankafika n'komwe kuchitsime.

Eduvigis anagawa madziwo m'dzina la mchimwene wakeyo nyengo za dzuwa khumi ndi zisanu ndi zinayi, kuphatikizapo zaka ziwiri za chilala, mpaka mawondo ake atakana.