Atayeza kutentha kwa nyumba ya bambo

Ndinasiya sukulu ndili Folomu 3, osati chifukwa cha mimba monga ankanenera amayi a pamjigo, koma chifukwa cha chifuwa cha bambo anga. Chifuwacho anachitenga ku migodi ya ku Joni, pamodzi ndi ndalama za malata amene anafolera nyumba yathu ku Bwanje. Mayi atamwalira, azichimwene anga anali atathawira kale m'tauni. Wotsala ndinali ine.

Nyumbayo inali yoyamba ya malata m'mudzi mwathu, ndipo bambo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Denga lake linali lotsika, lopanda siling'i. Mazenera awiri anawatseka ndi njerwa chaka chimene akuba anavuta. Mu Okutobala, dzuwa likafika paliwombo, malata ankathetheka ndipo m'katimo munkakhala ngati mu uvuni wa njerwa. Bambo ankabanika. Ntchito yanga inali kukhala pambali pa mphasa, kuwakupiza ndi chikatoni mpaka dzuwa lipendeke. Anzanga ankadutsa pa njinga kupita ku sikimu ya mpunga kukagwira ganyu. Ine ndili phee m'ng'anjomo.

Ndinawapempha kambirimbiri kuti masana azigona m'khitchini yaudzu, momwe munkapita kamphepo.

"Ndinakumba pansi pa dziko kuti ndidzagone ndi nkhuku?" ankatero. "Kupiza, iwe."

Chaka china kunabwera anthu a bungwe lina, motsogozedwa ndi mayi wina wa magalasi. Anafotokoza kuti akufuna kuyerekeza nyumba, zaudzu ndi zamalata, zazidina ndi zanjerwa zootcha, kuti aone zimene zimasunga kutentha kwambiri. M'nyumba iliyonse anapachika kachipangizo konga bokosi la machesi, kolemba kokha mmene kwatenthera. Nyumba zodzapezeka zotentha kuposa zinzake anati adzaziikira siling'i ya mphasa ndi kuziboolera mipata ya mpweya.

Ine ndinamva bwinobwino. Siling'i ikanaikidwa, bambo akanamagona okha masana, ine n'kutuluka ngati munthu.

Bambo anamva zawo. Iwo ankadziwa kuyendera kwa alangizi a zaumoyo, amene amaona chimbudzi, dzenje la zinyalala ndi thandala, kenako n'kutchula pagulu makomo olephera. Kwa iwo, nyumba ikayesedwa imakhoza kapena kulephera, basi.

"Nyumba yanga igonje kwa tizisakasa taudzu?"

"Bambo, si mpikisano. Yotentha ndi imene aithandize."

"Amatero kuti akugwire. Folomu 3 yakoyo inakuphunzitsa chiyani za ulemu?"

Tsiku lotsatira ndikuchokera kumjigo, ndinapeza msomali uli wokha pakhoma. Kachipangizo kanali pakona, pamchenga wonyowa pamene timakhazika mtsuko wa madzi akumwa, katafunditsidwa chiguduli chonyowa. Ndinakabwezera. Ndinangotuluka kukaanika zovala, kabwereranso kumtsuko. Ndinakapachika pamwamba penipeni, pafupi ndi phaso. Bambo anakoka mpando, nakwera n'kukachotsa, ndipo atatsika anatsokomola mpaka kulavula magazi. Anandiyang'ana, kachipangizo kali m'manja.

"Kapachikenso. Ndikweranso."

Sindinakapachikenso. Kanatha nyengo yonse yotentha kakumva kuzizira kumene mwini nyumba sanakulawepo.

Anthu a bungwe aja atabwera kudzatenga zipangizo, bambo anavala jekete lawo la ku Joni, thukuta lili kamukamu. Mayi wa magalasi uja analumikiza kachipangizoko ku kompyuta yake, nayang'ana denga, nayang'ananso kompyuta.

"Agogo, apa zikuonetsa kuti nyumba yanu ndi yozizira kuposa zonse m'mudzi muno."

"Inamangidwa ndi munthu woyenda," anatero bambo.

Pamaso pa alendo mwana satsutsa kholo, choncho ndinawatsatira mayiwo mpaka pagalimoto n'kuwauza zonse, za mtsuko ndi za chiguduli. Sanadabwe.

"Ndinaona kale, achemwali. Inenso ndimatuluka thukuta mmenemuja. Koma akuluakulu athu amatsata zimene kachipangizo kalemba. Tikhoza kuyezanso, eni nyumba akalola."

Tinabwerera limodzi. Mayiwo anagwada, nafotokoza mofatsa kuti pangakhale polakwika pang'ono. Bambo anamwetulira.

"Mayi, munthu akakhoza salembanso mayeso."

Nkhani inathera pomwepo.

Mvula isanayambe, ngolo inabwera ndi mphasa ndi mapulanga. Inadutsa pakhomo pathu n'kukaima kwa aneba athu, a shehe ogulitsa nsalu, amene nyumba yawo inali ndi mazenera otsekula mbali zonse. Bambo anandiuza kuti ndiwatulutse pakhonde. Ndinawakhazika pampando, akupuma ngati mvukuto, n'kumaonerera amisiri akukhoma.

"Waona olephera aja?" anatero. "Mpaka kuwakonzera anthu achilendo."

Ndikanatsegula pakamwa ndikanatukwana.

Dzuwa litafika pakhonde anayesa kudzuka, miyendo inakana. Ndinawauza kuti khitchini ili pafupi, mthunzi uliko.

"Ndilowetse m'nyumba mwanga," anatero.

Ndinawabereka kumsana, ndinawalowetsa.