Mchere Unkatsala Mumphika

M'mawa uliwonse mwana wanga wamkazi amandikhazika pakhonde la nyumba yake ku Chelstone. Amathira madzi a mchere a kuchipatala m'kabotolo ka makina, n'kundiveka chophimba mphuno ndi kamwa. Makina akayamba kulira, kankhungu kozizira kamalowa m'chifuwa, mchere n'kumaluma kukhosi. Ndimatsokomola mpaka misozi.

"Ba tate, ngati yavuta tizimye pang'ono," amatero. Ndimakana ndi dzanja. Sadziwa chifukwa chake.

Makina otere ndinayamba kuwaona m'zaka za chipani chimodzi, nthawi imene tinkaima pamzere kudikira ufa ndi sopo. Tinkakhala ku Kabwata, ine ndikugwira ntchito yophika kunyumba ina ku Kabulonga. Akazi anga anali atachira chifuwa chachikulu, koma mapapo anatsala owonongeka, makhololo osatha. Kuchipatala anawauza kuti azibwera katatu pa sabata kudzapuma nkhungu ya mchere.

Ndinawaperekeza kamodzi kokha. Atawaveka chophimbacho, anayamba kutsokomola atapindika, misempha ya m'khosi itatupa, dzanja litagwira benchi.

"Osachotsa, ba mayi, limbani!" anatero namwino.

"Ba sisita, mufuna kupha munthu? Mwaikamo chiyani?" ndinafunsa mokalipa.

"Ni madzi ya mchere chabe. Onani anthu pa mzere, ba tate, nthawi nilibe. Tengani pepala iyi, mukabelenge kunyumba."

Ndinalandira pepalalo, ndinaliyang'ana ngati munthu wowerenga, n'kugwedeza mutu. Sindinkadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Akazi anganso sankadziwa. Kunena zimenezo pamaso pa anthu onse aja ndinachita manyazi.

M'basi akazi anga anati, "Zimawawa, bambo, koma madzulo chifuwa chimapepuka."

Sindinawamvere. M'mutu mwanga munali mawu amodzi: madzi a mchere chabe. Ine wophika, madzi ndi mchere inali ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Ndinalamula kuti kuchipatala asapitenso, ndiziwapangira ndekha mwaulemu, popanda kuwazunza.

Ndisanapite kuntchito ndinkawiritsa madzi pambaula, kuthiramo mchere wodzaza dzanja, n'kuwafunditsa bulangete pamodzi ndi mphikawo. Nthunzi inali yofunda, yosaluma.

"Mwaona? Palibe kutsokomola," ndinkadzitama.

"Mwandisandutsa ndiwo, bambo. Chatsala ndi tomato," ankayankha ali m'bulangetemo, tonse n'kuseka.

Tsiku lina anatulutsa mutu, thukuta lili kamukamu, nati, "Koma mchere sindikuumva ngati kuja."

"Mawa ndiwonjezera," ndinatero.

Madziwo ndinkawabwezera pambaula mpaka kuphwa. Pansi pa mphika pankatsala zoyera zokakamira, ndipo ndinkazipala ndi supuni. Wophika aliyense amadziwa kuti madzi akauluka mchere umatsala. Ndinkadziwa zimenezo pa msuzi wa abwana. Pa akazi anga sindinaziganize.

Kutsokomola kunachepadi, koma mpweya unayamba kulira m'chifuwa ngati madzi owira. Nyengo yozizira itafika anadwala kwambiri. Tinawanyamula kupita kuchipatala chomwe chija, ndipo sanabwereko.

Kuwerenga ndinaphunzira imvi zitayamba, m'kalasi ya akuluakulu kutchalitchi, Loweruka masana. Pepala lija ndinalipeza m'kachitini ka malemu, pansi pa kolona. Analisunga, kapena podikira wina woti awawerengere. Ndinaliwerenga chala chili pa mawu, limodzi limodzi. Linkati kutsokomola ndiyo ntchito ya mcherewo, chifukwa umasungunula makhololo kuti atuluke. Linkati chifuwa chikathina muuze namwino, pali mankhwala ochitsegula, koma musaleke kubwera.

Kaya akazi anga akanakhala moyo zaka zingati, sindidziwa. Palibe dokotala angandiuze. Chimene ndidziwa n'chakuti malemu anandiuza kawiri, m'basi ndi m'bulangete.

Tsopano mapapo anga nawonso atopa. Makina akamalira, nthawi zina ndimamva supuni ikupala mphika. Ndimakhala chomwecho mpaka kabotolo kaume.

Dzulo mwana wanga, akutsuka chophimbacho, anati, "Makina aya akanakhalako kale, sembe amayi alipo."

Anali wamng'ono, sakumbuka. Ndinatsegula pakamwa, koma kunatuluka chifuwa. Choncho ndalemba. Masamba awa ndi pepala lija ndaziika pansi pa makina, pamene dzanja lake lifike mawa m'mawa.